Alendo a ku Ashburn akachuluka kuposa a ku Misuku, musafulumire kuvina

Tiyerekeze kuti ndinu wachinyamata wa pa Chitipa boma ndipo mwatsegula kawebusayiti kanu. Mumalembapo za mtengo wa khofi ku Misuku, za mmene Chitipa United yasewerera kumapeto kwa sabata, za msewu wa ku Nthalire mvula ikayamba, komanso mumaikapo timalonda ta anthu ogulitsa nyemba ndi uchi. Zonsezi mumachitira pa foni, ndi bandulo yogula ndi ndalama za m'thumba mwanu. Pa tsiku mumalandira alendo 40, zikayenda bwino 60.

Ndiye Lachiwiri lina mwadzuka, mwayatsa data, mwatsegula Google Analytics. Kamzere kaja kamangokwawa pansi ngati nkhono lero kaima njo! Alendo 3,000 usiku umodzi wokha. Mwajambula sikirini, mwaponya pa status ya WhatsApp, ndipo anzanu ayamba kale kukulemberani kuti basi aise, wafika.

Dekhani kaye. Dinani pomwe pamaonetsa mizinda yomwe alendowo achokera. Mukapeza maina ngati Ashburn, Boardman, Council Bluffs, Singapore kapena Lanzhou, nthawi yomwe akhala pa tsamba lanu n'kukhala masekondi 0, palibe waimba foni, palibe wafunsa mtengo wa uchi, dziwani kuti pakhomo panu sipanafike munthu. Padutsa makina. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Vutoli likusowetsa mtendere eni mawebusayiti padziko lonse. Koma kwa munthu wa ku Chitipa lili ndi mbali ina yovuta. Malangizo omwe amachuluka pa intaneti ndi akuti tsekani maiko onse achilendo, nkhani yatha. Mukatsatira zimenezo mwakhungu mutha kuthamangitsa owerenga anu enieni, makina aja n'kutsala akulowabe.

Kodi bot n'chiyani?

Tisasokoneze, sitikunena maboti a asodzi a ku Ngara kapena ku Kaporo. Bot ndi pulogalamu ya kompyuta yomwe imatsegula masamba a pa intaneti payokha, popanda chala cha munthu. Siitopa, siigona, ndipo itha kutsegula masamba mazanamazana inu musanamalize kapu ya tiyi.

Si ma bot onse oipa. Googlebot ndi amene amayendera tsamba lanu kuti munthu akafufuza za khofi wa ku Misuku pa Google akupezeni. Bingbot amachita zomwezo potumikira Microsoft. Mukaponya linki pa Facebook n'kuona kachithunzi ndi mutu wa nkhani zatulukira zokha, ndi bot ya Facebook yomwe yapita kukazitenga. Awa ndi alendo ofunika, owathamangitsa amadzipweteka yekha.

Pali gulu lina lomwe lachuluka zaka zaposachedwapa, lotolera zolemba ndi zithunzi kuti ziphunzitsire makina a AI. Kampani ya OpenAI inalengeza za bot yake yotchedwa GPTBot mu 2023, ndipo ByteDance, eni ake a TikTok, ali ndi yawo yotchedwa Bytespider. Kenako pali akamberembere enieni: okopera nkhani zanu kuti akaziike pa masamba awo, oyesa ma password pa khomo la WordPress usiku wonse, otola manambala a foni ndi ma email, ndi odina malonda mwachinyengo.

Nanga amalowa bwanji m'kaundula wa alendo anu? Google Analytics imawerenga anthu kudzera m'kachidutswa ka pulogalamu komwe munaika pa tsamba lanu. Tsamba likatseguka pa foni ya munthu, kachidutswako kamatumiza uthenga ku Google kuti kwabwera mlendo. Ma bot akale sankakadzutsa kachidutswa kameneka, choncho sankawerengedwa. Amakono amagwiritsa ntchito Chrome yeniyeni, kungoti palibe munthu woyang'ana sikirini, ndiye amawerengedwa ngati anthu. Ena safika n'komwe pa tsamba lanu. Amangotenga nambala yanu ya Analytics, ija yoyamba ndi G, n'kumatumiza mauthenga abodza ku Google. Amenewa ndiye mizukwa yeniyeni, m'kaundula alimo koma pakhomo sanapondepo.

Google Analytics 4, yomwe inalowa m'malo mwa yakale ija pa 1 July 2023, imachotsa yokha ma bot odziwika pogwiritsa ntchito kafukufuku wa Google ndi mndandanda womwe bungwe la otsatsa malonda la IAB limasunga. Vuto ndi lakuti mndandandawo ndi wa odziwika. Wakuba salembetsa dzina kwa amfumu asanalowe m'mudzi.

Ngakhale Wikipedia inapusitsidwa

Musadzione ngati ndinu ogona. Kampani yoona za chitetezo cha pa intaneti ya Imperva inanena mu lipoti lake la 2025 kuti m'chaka cha 2024 makina anaposa anthu pa intaneti: maulendo 51 mwa 100 alionse anali a ma bot, ndipo 37 mwa 100 anali a ma bot oipa. M'chaka cha 2023 oipawa anali 32 mwa 100. Zikukwera.

Bungwe la Wikimedia Foundation, lomwe limayendetsa Wikipedia, lili ndi akatswiri a makompyuta ambirimbiri, koma nalo linagwa m'mbuna yomweyi. Cha m'ma May 2025 linaona kuti owerenga achuluka modabwitsa, makamaka ochokera ku Brazil. Litafufuza n'kukonza njira zake zozindikirira makina, linapeza kuti ambiri mwa alendo owonjezerawo, m'miyezi ya May ndi June, anali ma bot opangidwa mwadala kuti azioneka ngati anthu. Litawachotsa m'kaundula, mu October 2025 linalengeza kuti maulendo a anthu enieni anali atatsika ndi pafupifupi 8 mwa 100 alionse poyerekeza ndi miyezi yomweyo ya 2024. Taonani, nambala imaonetsa kukwera pomwe zoona zake zinali kutsika.

Kumapeto kwa chaka chomwecho eni mawebusayiti ambiri m'maiko osiyanasiyana anayamba kudandaula za alendo ochuluka oonetsa kuti akuchokera ku Lanzhou, mzinda wa ku China, ndi ku Singapore, osakhalitsa ngakhale sekondi imodzi. Masamba aang'ono ngati anuwo ndi omwe amasokonekera kwambiri. Nyuzipepala yaikulu yolandira alendo miyandamiyanda siingamve kulemera kwa ma bot 3,000, koma kwa inu a alendo 60 nambala yonse imasanduka bodza.

Mapu amanama mbali zonse ziwiri

Apa ndi pomwe nkhani ya Chitipa ikusiyana ndi ya munthu wa ku London. Google Analytics siidziwa mudzi womwe munthu wakhala. Imangoyerekeza potengera adilesi ya IP, nambala yomwe kampani ya netiweki imapereka ku foni ikalowa pa intaneti. Mukamagwiritsa ntchito TNM kapena Airtel, data yanu imakatulukira ku makina akuluakulu a kampaniyo, ndipo makinawo sali ku Wenya. N'chifukwa chake owerenga a m'dziko muno kawirikawiri amaoneka ngati onse ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 230,000 m'boma la Chitipa, koma mutha kutha chaka chonse osaona dzina loti Chitipa pa mndandanda wa mizinda, pomwe okuwerengani ndi anzanu omwe mumakumana nawo pamsika.

Onjezerani za malire. Chitipa yagundana ndi Tanzania kumpoto ndi Zambia kumadzulo. Munthu wa ku Kameme kapena ku Mbilima, pafupi ndi mtsinje wa Songwe, atha kukhala ndi SIM ya ku Tanzania chifukwa ndi yomwe imagwira bwino kwawoko, kapena chifukwa geni yake ndi ya ku Tunduma. Ameneyo akatsegula nkhani yanu adzaoneka ngati wa ku Tanzania, mwina wa ku Dar es Salaam n'komwe. Wa SIM ya ku Zambia adzaoneka ngati ali ku Lusaka. Wina wayatsa VPN, ndipo lero ali ku Germany mawa ku Canada, chikhalirecho ali pa khonde ku Chisenga. Winanso amagwiritsa ntchito Opera Mini pofuna kupulumutsa bandulo, ndipo pulogalamu imeneyi imadutsitsa masamba m'makina a kampani yake asanafike pa foni, zomwe nazonso zitha kusokoneza malo.

Musaiwale abale athu ali kunja. Wa ku Misuku yemwe ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town ndi amene amafunitsitsa kumva za kwawo, ndipo mwina ndi amene angatumize ndalama yogulira uchi uja kuti upite kwa amayi ake. Dublin ndi mzinda wodzaza ndi nyumba zosungiramo makompyuta a makampani akuluakulu, komanso ndi mzinda womwe kuli Amalawi ambiri ndithu. Mlendo wa ku Dublin atha kukhala makina, atha kukhala msuweni wanu.

Tsono maina aja tinatchula poyamba ndi a chiyani? Ashburn ili m'chigawo cha Virginia ku America, ndipo imadziwika padziko lonse chifukwa cha kuchuluka kwa nyumba zosungiramo makompyuta, kuphatikizapo za Amazon. Boardman ndi katauni kakang'ono ka ku Oregon, ka anthu masauzande ochepa chabe, koma nakonso kuli makina a Amazon. Council Bluffs, ku Iowa, kuli a Google. Aliyense atha kuchita lendi kompyuta m'nyumba zimenezi n'kuyendetserapo bot yake. Katauni ngati Boardman kakamakutumizirani alendo ambiri kuposa Lilongwe ndi Mzuzu kuphatikiza, funso lake ndi losavuta: anthu a kumeneko akufunanji pa nkhani ya mlatho wa ku Nthalire?

Choncho dziko lomwe mlendo akuoneka kuti wachokera ndi poyambira chabe. Munthu ndi makina amasiyana pa khalidwe.

Zizindikiro zoti muziyang'ane

Choyamba ndi nthawi. Google Analytics imati ulendo ndi waphindu ngati mlendo wakhala masekondi oposa 10, kapena watsegula masamba awiri kupita m'tsogolo, kapena wachita chinthu chomwe inu munachiika kuti n'chofunika. Munthu weniweni nthawi zina amatsegula n'kutseka pompo, inde, makamaka netiweki ikamavuta. Koma gulu lonse la alendo 3,000 kukhala ndi masekondi 0 kapena 1, onse tsamba limodzi, palibe wotsika mpaka m'munsi mwa nkhani, chimenecho si chizolowezi cha anthu.

Chachiwiri ndi chipangizo. Owerenga anu mumawadziwa, ali ndi ma itel, Tecno, Infinix ndi Samsung, pafupifupi onse a Android. Pitani pa gawo la Tech muone. Mukapeza kuti alendo atsopanowa onse ali pa kompyuta ya Windows kapena Linux, Chrome yake ndi ya mtundu umodzi ndiponso yakalekale, kukula kwa sikirini n'kofanana ndendende, monga 800x600, kayikirani. Anthu 3,000 sangagule kompyuta yofanana tsiku limodzi.

Chachitatu ndi wotchi. Anthu amawerenga m'mawa, pa nkhomaliro ndi madzulo akaweruka. Usiku kamzere kamagwa. Netiweki ikathawa m'boma lonse kamagwanso. Makina alibe zimenezo. Amabwera mofanana ola lililonse, kapena amakhuthuka onse pamodzi 3 koloko ya usiku n'kuzimiririka ngati dzombe.

Chachinayi ndi njira yomwe adzera. Ma bot ambiri amaoneka pansi pa mawu oti Direct, kutanthauza kuti palibe linki yodziwika yomwe yawabweretsa. Koma samalani, anthu odina linki yanu pa WhatsApp nawonso nthawi zambiri amagwera pomwepo. Direct payokha si umboni. Imakhala umboni ikaphatikizana ndi zizindikiro zinazi. Ena amaoneka ngati atumizidwa ndi webusayiti ya dzina lachilendo, lolonjeza alendo aulere kapena ndalama zachangu. Cholinga chawo n'chakuti inu mwini tsamba muchite chidwi, mukatsegule linkiyo. Musaitsegule. Chinyengo chimenechi n'chakale. Mu November 2016 eni mawebusayiti ambiri anapeza m'kaundula wawo uthenga wokopera anthu kuvotera Donald Trump, utalembedwa pamalo poonetsa chiyankhulo cha mlendo.

Chachisanu ndi masamba omwe atsegula. Munthu amapita pa nkhani yatsopano yomwe mwangoponya. Bot imayenda nyumba yonse, nkhani za zaka zitatu zapitazo, masamba opanda kanthu, ngakhale ma adilesi omwe kulibe. Onaninso gawo lotchedwa Hostname. Likamaonetsa dzina lomwe si la webusayiti yanu, kapena mawu oti not set pa alendo ambirimbiri, mwina ndi mizukwa ija yosafika pakhomo.

Chizindikiro chimodzi chisakupangitseni kugamula mlandu. Zikakumana zitatu kapena zinayi pa gulu limodzi la alendo, pamenepo mwagwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga akabwera, chaonongeka n'chiyani?

Wina atha kunena kuti asiyeni, nambala yaikulu siiluma. Imaluma, ndipo imaluma m'thumba.

Ngati muli pa Google AdSense, mukudziwa kuti ndalama siituluka mpaka itakwana madola 100, ndipo kwa tsamba laling'ono imeneyo ndi miyezi yambiri ya thukuta. Malamulo a AdSense amati udindo woonetsetsa kuti alendo ndi enieni uli pa mwini tsamba. Google ikaona kuti malonda akuonedwa kapena kudinidwa ndi makina, itha kudula ndalamazo, kuchepetsa malonda pa tsamba lanu, kapena kutsekeratu akaunti. Siifunsa ngati munawaitana ndinu.

Nkhanza zimenezi zili ndi pochokera. Mu December 2016 kampani ya White Ops inaulula gulu lotchedwa Methbot, lomwe limaonetsa malonda a kanema kwa makina m'malo mwa anthu, ndipo inayerekeza kuti limapeza madola 3 mpaka 5 miliyoni pa tsiku. Mu 2018 apolisi a FBI, mothandizana ndi Google ndi makampani ena, anaphwasula gulu lina lotchedwa 3ve, lomwe linalowerera makompyuta a anthu wamba oposa 1.7 miliyoni eni ake osadziwa. Mkulu wa Methbot, Aleksandr Zhukov wa ku Russia, anagamulidwa zaka 10 m'ndende ku America mu 2021. Otsatsa malonda analumidwapo, n'chifukwa chake masiku ano sanyengerera.

Chachiwiri ndi mbiri yanu. Tinene kuti mwatenga chithunzi cha alendo 3,000 chija n'kukaonetsa mwini malo ogona alendo kapena wa shopu ya zipangizo za ulimi pa boma. Iye wakhulupirira, wakupatsani ndalama kuti mumutsatsire. Mwezi watha, palibe ngakhale mmodzi wabwera n'kunena kuti ndinaona pa intaneti. Chitipa boma si Lilongwe, nkhani imayenda msanga kuposa njinga yamoto. Sadzabweranso, ndipo anzake onse amva. Tinamvapo za midzi yongopeka pa nthawi ya makuponi a fetereza, maina ali pa pepala koma anthu ake kulibe. Kugulitsa nambala yomwe mukudziwa kuti ndi ya makina n'chimodzimodzi, ndipo kulandira ndalama ponamiza munthu ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Mabungwe ndi magulu a achinyamata omwe amalemba malipoti kwa owathandiza kuti uthenga wathu wafikira anthu akutiakuti, nawonso nkhaniyi ikuwakhudza.

Chachitatu ndi lendi ya seva, kompyuta yomwe imasunga webusayiti yanu. Ambiri amalipira m'madola, ndipo mmene ndalama zakunja zikuvutira m'dziko muno mukudziwa nokha. Ma bot amadya gawo lanu la data pa seva, tsamba limayamba kulemera, ndipo munthu weniweni wa ku Ifumbo yemwe netiweki yake ndi yoperewera kale amatopa kudikira n'kutseka. Wikimedia inanena mu April 2025 kuti pa maulendo omwe amaidyera ndalama zambiri, 65 mwa 100 alionse anali a ma bot.

Chomaliza ndi chobisika koma ndiye choopsa. Nambala yabodza imakusokeretsani. Mukaona kuti America ndiye yachuluka, mumayamba kuganiza kuti za Chitipa sizikuyenda malonda. Mumasiya kulemba m'Chichewa, m'Chilambya kapena m'Chindali, mumayamba kuthamangira nkhani za oimba a kunja m'Chingerezi kuti musangalatse anthu omwe kulibe. Aja 60 okhulupirika aja amaona kuti pano palibenso zathu, n'kuchoka.

Chochita ndi ichi

Musathamangire kufufuta kapena kutseka chilichonse. Lembani kaye tsiku lomwe zayamba, mizinda, zipangizo ndi masamba omwe akhudzidwa. Jambulani sikirini musunge, osati ya pa status, koma ya umboni.

Kenako funsani mboni yachiwiri. Google Search Console ndi yaulere, ndipo imaonetsa anthu angati adina tsamba lanu kuchokera pa Google. Facebook imaonetsa angati adina linki yanu. Kampani yomwe imakusungirani webusayiti ili ndi kaundula wake wa aliyense wogogoda pa seva, ndipo mutha kuwapempha akuonetseni. Analytics ikamati alendo achuluka ka 50 koma mboni zinazi zikuti zinthu zili mwakale, mwadziwa wonama.

Dziwani kuti masefa a Google Analytics sabwerera m'mbuyo, zomwe zalowa zalowa. Chomwe mungachite ndi kupatula. Pa gawo la Explore, kapena pogwiritsa ntchito Comparisons, pangani gulu la alendo omwe ali pa foni ndiponso akhala masekondi oposa 10. Pangani linanso la ochokera ku Malawi, Tanzania, Zambia ndi South Africa. Manambala a magulu amenewa ndi omwe muziwayang'ana sabata ndi sabata. Adzakhala aang'ono, koma ndi anu. Ntchito imeneyi imavuta pa sikirini ya foni, ndi bwino kubwereka laputopu kwa ola limodzi.

Kuti anthu a pa WhatsApp asamasakanikirane ndi makina pansi pa Direct, ikani chizindikiro pa linki musanaitumize. Google ili ndi tsamba laulere lotchedwa Campaign URL Builder lomwe limawonjezera timawu kumapeto kwa linki, kuti aliyense woidina aoneke kuti wachokera pa WhatsApp. Mutha kupanga linki ina ya gulu la kwanu ku Misuku, ina ya gulu la anzanu a ku Joni, n'kudziwa komwe nkhani zanu zikuwerengedwa.

Pofuna kuletsa makina kufika pa tsamba, ambiri amagwiritsa ntchito Cloudflare, yomwe ili ndi gawo laulere. Imaima pakati pa mlendo ndi seva yanu ngati mlonda wa pa geti. Muli batani lotchedwa Bot Fight Mode, ndipo kuyambira pa 1 July 2025 kampaniyi inayamba kutsekereza ma bot otolera za AI pa mawebusayiti atsopano pokhapokha mwini wake atawalola. Muthanso kuika lamulo loti alendo ochokera kudziko lakutilakuti ayambe atsimikiza kuti ndi anthu. Apa ndiye pofunika nzeru. Sankhani kuyesa mlendo m'malo momutsekera kunja, ndipo muchite zimenezi pa malo okhawo omwe mwaona kuti ndi komwe kukuchokera vuto. Musaike mayesowa pa Malawi, Tanzania, Zambia ndi South Africa, chifukwa amadya bandulo ndipo mafoni ena akale amakanika kuwadutsa. Musatseke America yonse, poti Googlebot amayendera masamba ambiri kuchokera komweko. Mukamutsekera, pa Google mudzazimiririka.

Palinso kafayilo kotchedwa robots.txt, komwe kanayamba mu 1994, momwe mumalemba kuti bot yakuti isalowe chipinda chakuti. Kalembeni, koma dziwani kuti ndi chikwangwani chabe, si loko. Aulemu amamvera, akuba amangodutsa. Ngati muli pa WordPress, ikani password yolimba, chepetsani maulendo omwe munthu angayese kulowa, ndipo musasiye mapulagini akale osawakonzanso.

Mukaona kuti makinawo akudinanso malonda, musadikire kalata yochokera ku Google. AdSense ili ndi fomu yodziwitsira za kudina kokayikitsa. Lembani, perekani umboni uja munasunga, ndipo ngati zafika poipa chotsani kaye malonda pa masamba okhudzidwawo mpaka mphepo itadutsa. Kutaya ndalama ya masiku atatu n'kwabwino kusiyana n'kutaya akaunti.

Osagula alendo

Ma bot ena amabwera okha, koma ena timawaitana tokha. Mwaonapo mauthenga aja olonjeza alendo masauzande pa madola ochepa, kapena anyamata ena m'magulu a WhatsApp oti nditumizire kenakake pa Mpamba kapena Airtel Money ndikukwezere tsamba. Chomwe akugulitsa ndi makina omwe takhala tikukambawa. N'chimodzimodzi ndi ogulitsa otsatira pa Facebook, TikTok ndi YouTube. Mudzakhala ndi otsatira 20,000, koma mukaponya nkhani okonda ndi anthu 7, ndipo aliyense wodziwa zinthu amaona pompo kuti apa pali chinyengo.

Magulu aja oti dina malonda anga nane ndidina ako nawonso ndi msampha. Odinawo ndi anthu enieni, zoona, koma malamulo a AdSense amaletsa, ndipo makina a Google savutika kuona kuti mafoni omwewomwewo akuzungulira pa masamba omwewomwewo. Ngakhale kuuza achibale kuti tandidinireniko n'kulakwa komweko.

Werengani zomwe makina sangachite

Bot itha kutsegula tsamba ka 10,000, koma siingakuimbireni foni kufunsa ngati uchi ulipo. Siingatumize ndalama pa Mpamba. Siingakuimitseni pa depoti kuti nkhani ija ya mlatho munalemba bwino koma dzina la mudzi munalakwitsa. Ikani batani la WhatsApp kapena loimbira foni pa tsamba lanu, ndipo muuze Google Analytics kuti kudina batani limenelo ndiye chinthu chofunika. Sungani kabuku kolembamo angati aimba, angati agula, angati abwereranso. Wotsatsa malonda akakufunsani kuti muli ndi anthu angati, muuzeni zoona: pa tsiku ndi 60, ambiri ndi a kuno ndi abale athu ali kunja, ndipo mwezi watha oimba foni anali mwakuti. Wabizinesi wanzeru amadziwa kuti anthu 60 a ku Chitipa omwe angalowe m'shopu mwake ndi ofunika kuposa 3,000 a ku Ashburn omwe alibe miyendo.

Ndiye chithunzi chija munaponya pa status chichotseni mwakachetechete. Anzanu akafunsa, auzeni kuti anali alendo odutsa. Mukatero bwererani ku nkhani ya msewu wa ku Nthalire ija, pali anthu akuidikira.